Dzanja ndi Zenga: Kodi Kutenga Nkhani Yotsekeredwa pa Intaneti N'kuba?

Mnzanga wacinyamata, tiyerekeze kuti ndi Cisanu usiku, ndipo inu muli pa sukulu ya unamwino kapena pa yunivesite. Aphunzitsi afuna nchito yanu pa Lolemba m'mawa. Mwagula mabandulo ndi ndalama imene inali ya ndiwo, mwafufuza pa foni yanu, ndipo mwaipeza nkhani yeniyeni imene munali kufuna. Madokotala ena anafufuza za malungo a amai apakati, nalemba zimene anapeza m'magazini ya akatswiri. Mwawerenga mutu wake ndi mau ocepa oyamba. Pamene muti mupitirize, patuluka uthenga wakuti muyambe mwalipira madola 35. Masamba ake ndi 12 cabe, koma ndalama imeneyo kwanu igula unga wa mwezi wathunthu.

Mnzanu wogona naye cipinda cimodzi, amene muimba naye kwaya pa Sondo, aseka nati, "Iwe, usadzivute. Pali malo ena pa intaneti. Ungolembapo nambala ya nkhaniyo, ibwera yonse osalipira ngakhale ngwee." Ndipo sanama. Malo otero alipodi, ndipo nkhaniyo ibweradi m'kanthawi kocepa.

Kodi mutenge kapena musatenge? Ndidziwa kuti m'magulu athu muli ena amene ayankha msanga kuti lamulo la Mulungu liletsa kuba, nkhani yathera pomwepo. Muli enanso amene ayankha msanga comweco kuti palibe amene waberedwa, pakuti mwini wake akali nayo nkhani yake. Ndipempha onse awiri kuti adekhe pang'ono. Funso limeneli makolo athu sanakumane nalo, ndipo silivutitsa ophunzira okha. Lavutitsa oweruza m'makhoti, ndiponso lasintha nchito ya anthu oyang'anira malaibulale a m'mayunivesite pa dziko lonse lapansi.

Mbala ya kale

Kale kuba m'laibulale kunali kodziwika nkhope. Funsani akulu anu amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Adzakuuzani za makabati a timakhadi m'mene munthu anali kufufuza dzina la buku, za cidindo ca tsiku lobwezera, ndi za mlonda wa pakhomo amene anali kusanthula zola. Ndalama zogulira mabuku atsopano zinali zosowa m'zaka zimenezo, cotero buku limodzi linali kulimbiranidwa ndi kalasi lonse, ndipo linali kubwerekedwa kwa maola owerengeka cabe. Ine ndikumbukira kuti ndinadikira buku lotero kwa masiku atatu. Nditalilandira ndinapeza kuti mutu umene tinali kudzalembapo mayeso unadulidwa bwinobwino ndi lezala. Ena sanali kudula. Anali kungotenga buku la zamankhwala nalibisa pa shelufu ya mabuku a mbiri yakale, kuti mawa alipeze iwo okha. Pamenepo panalibe cokambirana. Wodula masamba anali mbala, pakuti cimene iye anatenga, ine ndi anzanga onse tinacisowa.

Lero laibulale yasintha. Intaneti inafika m'dziko lathu mu 1994 kudzera mu ZAMNET, kampani imene inayambitsidwa ndi University of Zambia, ndipo pang'onopang'ono timakhadi tija tinalowa m'kompyuta. Mashelufu akalipo, ndipo mipando imadzazabe, ngakhale kuti ambiri okhalapo abwerera Wi-Fi ndi pochajira foni, makamaka monga zinaliri mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi a Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambirimbiri. Koma mbali yaikulu ya zimene wophunzira wa sayansi kapena wa zamankhwala afuna siikhalanso pa shelufu. Iri m'makompyuta a makampani osindikiza a ku Ulaya ndi ku America. Laibulale siigulanso magazini amenewa n'kuwasunga monga kale. Ilipira lendi ya caka ndi caka kuti ophunzira ake aloledwe kuwawerenga, ndipo ikalephera kulipira, kawirikawiri khomo litsekedwa. Mu 2020, pamene masukulu onse anatsekedwa cifukwa ca Covid-19, ophunzira anaona okha kuti laibulale tsopano si cinyumba cokha ai, koma ndi dzina ndi pasiwedi.

Mpanda

Tsono mverani m'mene malonda amenewa ayendera, pakuti mlandu suweruzidwa usanamveke. Mphunzitsi wa pa yunivesite afufuza ndi ndalama za boma kapena za mabungwe othandiza. Alemba nkhani yake naipereka kwa kampani yosindikiza, osalandirapo kanthu. Akatswiri anzake aiwerenga kuti aone ngati iri yoona, ndipo naonso salipidwa. Kampaniyo iikonza, iisunga, n'kuigulitsa kwa mayunivesite omwewo amene anaibala. Sindinena kuti kampani siigwira nchito. Kusunga nkhani mamiliyoni ndi kuzikonza kuti zipezeke msanga kufuna anchito ndi ndalama. Koma Elsevier, yaikulu mwa makampani amenewa, yakhala ikupeza phindu loposa madola 30 pa madola 100 alionse olowa. Mu 2012 ngakhale Harvard, yunivesite yolemera koposa zonse, inalembera aphunzitsi ake kuti mitengo ya magazini yafika poti siingapitirire kuipirira. Mu 2019 University of California inaleka kulipira Elsevier, ndipo panapita zaka 2 asanagwirizanenso. Ngati njovu zidandaula kuti mtsinje wazama, nanga kalulu anene ciani?

Musayese kuti ndi nkhani ya mamakisi cabe. Mu 1982 akatswiri a ku Ulaya anasindikiza nkhani yonena kuti apeza zizindikiro za kacirombo ka Ebola m'magazi a anthu a ku Liberia, nacenjeza kuti a zaumoyo kumeneko akhale maso. Mwa olembawo munalibe munthu wa ku Liberia. Pamene Ebola inabuka mu 2014, inapha anthu oposa 11,000 m'maiko a Guinea, Liberia ndi Sierra Leone. Mu 2015 Dr Bernice Dahn, amene anali mkulu wa madokotala m'boma la Liberia, analemba pamodzi ndi anzake awiri mu nyuzipepala ya New York Times kuti cenjezo limenelo analiona mliri utasakaza kale, ndi kuti dokotala wa kwao akanafuna kuwerenga nkhani yotero akanalipira madola 45, pafupifupi theka la malipiro ake a sabata imodzi. Magazi anali a anthu a ku Liberia, koma cidziwitso cotuluka m'magaziwo cinatsekeredwa kutali. Sitinganene kuti nkhani imodzi ikanaletsa mliri wonse. Komabe munthu wa cikumbumtima sangamve zimenezi n'kunena kuti mpanda umenewu uli bwino cabe.

Mkwiyo wotero ndiwo unabala malo amene mnzanu uja akuuzani. Mu 2011 mtsikana wa zaka 22 wa ku Kazakhstan, Alexandra Elbakyan, amene nayenso anasowa ndalama zolipirira nkhani zofunika pa maphunziro ake, anayambitsa Sci-Hub. M'zaka 10 inasonkhanitsa nkhani zoposa 80 miliyoni. Elsevier inamusumira ku khoti la ku New York mu 2015, ndipo mu 2017 khotilo linagamula kuti alipire madola 15 miliyoni. Iye sanaonekere ku khoti, ndipo anapitiriza.

Mfundo ya anthu omuikira kumbuyo ndi yamphamvu, ndipo ife okulira kumudzi tiimva msanga. Moto ukazima m'nyumba, amai atuma mwana kukapala moto kwa anansi. Mwana abwera ndi khala pa phale, koma moto wa anansi aja sucepa. Ndani anaimbidwapo mlandu wa kuba moto? Nkhani ya pa kompyuta iri ngati moto, siiri ngati mbuzi. Mbuzi ikacoka m'khola, khola litsala lopanda mbuzi, koma nkhani ingakoperedwe kambirimbiri mwini wake osasowa tsamba limodzi. Ine ndivomereza kuti kukopera nkhani sikufanana ndi kudula masamba ndi lezala, ndipo amene anena kuti n'cimodzimodzi sanaganize mokwanira. Koma kumbukirani m'mene mwana uja apalira moto. Aima pakhomo nanena "Odi!" Salowera pa zenera eni ake ali m'tulo, ndiponso satsegula citseko ndi kiyi wa munthu wina.

Dzanja ndi zenga

Malembo sanena za intaneti, koma anena zambiri za munda wa mwini ndi munthu wanjala woima m'mbali mwake. Werengani Levitiko 19:9-10 ndi Deuteronomo 24:19-21. Mwini munda analamulidwa kuti pokolola asiye mphepete, asabwerere kukatola zimene zagwa, ndipo akaiwala mtolo ausiye komweko. Zimenezo zinali za wosauka, za mlendo, za mwana wamasiye ndi za mkazi wamasiye. Onani kuti silinali pempho lakuti acite cifundo tsiku limene wadzuka bwino. Linali lamulo. Wokolola zonse mpaka kangala komaliza anali wolakwa pamaso pa Mulungu, ngakhale munda unali wakedi, mbeu zinali zake, ndi thukuta linali lake. Rute ndi apongozi ake Naomi anakhala ndi moyo ku Betelehemu cifukwa ca lamulo limeneli. Inu amene munakunkhako nshawa m'munda wa eni, eni ake atatha kukumba, mudziwa kuti wokunkha sakhala ndi manyazi a mbala. Ayenda masana, ndipo mwini munda akapita apatsana moni.

Koma Cilamulo comweco cinamanganso wanjala. Pa Deuteronomo 23:24-25 munthu wopita m'munda wa mnzake analoledwa kudya mphesa kufikira atakhuta, koma osanyamula m'dengu. Analoledwa kubudula ngala ndi dzanja, koma osagwiritsa nchito zenga. Ophunzira a Yesu anabudula ngala motero tsiku lina (Marko 2:23-28), ndipo Afarisi, amene anali kufunafuna cifukwa, sanawanene kuti ndi mbala. Anawanena za Sabata cabe. Tsono pali dzanja, ndipo pali zenga. Dzanja litenga zokwanira njala ya lero. Zenga likolola. N'zocititsa cidwi kuti lamulo la dziko lathu la 1994 loteteza eni mabuku ndi nyimbo, lochedwa Copyright and Performance Rights Act, lisiyanitsanso motero. Lilola munthu kugwiritsa nchito colembedwa ca wina pa mlingo woyenera pophunzira kapena pofufuza payekha, koma osati pocitira malonda.

Mwa kuona kwanga, m'nkhani yathuyi muli mazenga awiri. Loyamba liri m'manja mwa kampani imene imweta kufikira m'mphepete, niika mtengo wa unga wa mwezi pa masamba 12. Limenelo Levitiko alitsutsa, ndipo ife Akristu tisaope kunena comweco. Laciwiri liri m'manja mwa amene alowa usiku nakolola nkhani 80 miliyoni. Inu muli pakati pao ndi dzanja lanu, ndipo mufuna kangala kamodzi cabe. Njala yanu njoona. Koma kangala kamene mnzanu akulozerani sikali m'mphepete mwa munda. Kali m'dengu la amene analowa ndi zenga.

Safunsa anadya phula

Cimene ophunzira ambiri sadziwa n'cakuti mphepete zosiyidwa zilipo, ndipo nchito yaikulu ya woyang'anira laibulale masiku ano ndi kuzifunafuna, kuzimenyera nkhondo ndi kukulozerani. Mu 2002 bungwe la zaumoyo la WHO linayamba dongosolo lochedwa Hinari pamodzi ndi makampani aakulu osindikiza 6, Elsevier ali momwemo, kuti mayunivesite, masukulu a zamankhwala ndi zipatala zophunzitsira za m'maiko osauka aziwerenga magazini a zaumoyo kwaulere kapena pa mtengo wocepa. Mu 2003 FAO inayamba lina la zaulimi lochedwa AGORA. Panabwera enanso a zacilengedwe, a zaumisiri ndi a zamalamulo, ndipo onse pamodzi achedwa Research4Life. Zambia iri pakati pa maiko oyenera kupindula. Koma munthu salembetsa yekha. Sukulu ndiyo ilembetsa, ndipo kiyi akhala ndi woyang'anira laibulale.

Malaibulale a kuno anapanganso bungwe lao, ZALICO, kuti azisonkha ndalama ndi kukambirana mitengo pamodzi, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. University of Zambia iri ndi nkhokwe yake pa intaneti m'mene musungidwa mabuku a kafukufuku a ophunzira a madigiri apamwamba, ndipo mphunzitsi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi angawawerenge osalipira. African Journals Online, imene inayamba mu 1998, isonkhanitsa magazini mazanamazana a mu Africa muno, ambiri a iwo otseguka kwa aliyense. PubMed Central, ya boma la America, isunga nkhani za zaumoyo mamiliyoni zaulere. Ndiponso pali njira ina yakale imene anthu aiwala: kulembera mwini nkhaniyo. Kawirikawiri adiresi yake ya imelo ikhala pansi pa mutu, ndipo popeza iye salandira ngwee pa madola 35 aja, olemba ambiri akondwa kumva kuti wophunzira wa ku Zambia afuna kuwerenga nchito yao, natumiza.

Tsono funsani mtima wanu. Cisanu cija cisanafike, kodi munali mutagogoda pa makomo amenewa? Kapena mwina nchitoyo munapatsidwa masabata atatu apitawo, ndipo laibulale inali yotsegula masiku onsewo? A laibulale amaitana ophunzira atsopano kuti awaphunzitse kufufuza, koma ofikako akhala owerengeka, ndipo ena amaliza zaka zinai osadziwa kuti sukulu yao inawalipirira kale zimene anali kuba. Safunsa anadya phula. Munthu amene sanapite kukakunkha sanganene kuti njala ndiyo yamulowetsa m'nkhokwe ya eni. Camulowetsa ndi kuzengereza, ndipo kuzengereza tisakupatse dzina la cilungamo.

Pali cinthu cimodzi cimene ine sindikayikapo konse, ndico ca pasiwedi. Sci-Hub inalowa m'makompyuta a makampani pogwiritsa nchito maina ndi mapasiwedi a anthu a m'mayunivesite olipira. Elbakyan anati anthu anapereka mwa kufuna kwao, pamene makampani ndi mayunivesite ena anati ena anabedwa mwacinyengo. Kampani ikaona kuti pa dzina la sukulu ina patengedwa nkhani zoculuka modabwitsa, siikhala pansi kufufuza ngati ndi Banda kapena Phiri. Itsekera sukulu yonse. Zinacitika ku MIT, ku America, mu 2010. Mnyamata waluso, Aaron Swartz, anali kukopera nkhani za JSTOR, zimene zinafika pafupifupi 4.8 miliyoni, ndipo JSTOR inatsekera yunivesite yonse kwa masiku angapo. Nkhani yake inatha momvetsa cisoni. Anabweza zimene anatenga, JSTOR siinafune kupitiriza mlandu, koma oimira boma anaumirira kuti akalowe m'ndende, ndipo mu 2013 anadzipha ali ndi zaka 26. Cilango cimene anamuopseza naco cinaposa kulakwa kwake kutalitali, ndipo pamenepo akuluakulu ndiwo analakwa koposa. Koma taonani amene anayamba kuvutika: anali ophunzira ena amene sanatenge kanthu. Pasiwedi imene laibulale yakupatsani ndi pangano pakati pa inu ndi anzanu onse a pa sukulupo. Mukaigulitsa kapena kuimwaza m'magulu a WhatsApp, wodzavutika si mwini kampani wa ku Amsterdam ai. Ndi mtsikana wa caka comaliza amene adzapeza khomo lotseka pa sabata ya mayeso. Lezala lija labweranso, langosintha maonekedwe.

Nanga munthu amene wagogoda ponseponse osatsegulidwa? Tinene kuti ndi wanchito wa pa cipatala cacing'ono ca kumudzi, kutali ndi laibulale iriyonse. Ali ndi mwana wodwala nthenda yacilendo, ndipo nkhani yomuuza mlingo wa mankhwala yatsekeredwa. Ine sindidzamuponya mwala. Davide ali ndi njala anadya mkate wopatulika umene unali wa ansembe okha (1 Samueli 21), ndipo Ambuye Yesu anachula nkhani imeneyo poteteza ophunzira ake. Moyo wa mwana uposa madola 35. Komabe Miyambo 6:30-31 itiuza zinthu ziwiri pamodzi, kuti anthu samuyesa wonyozeka munthu amene waba cifukwa ca njala, ndi kuti ngakhale iyeyo akhalabe ndi ngongole. Munthu wotero adziwe kuti waswa lamulo pa cifukwa cacikulu, asayese kuti lamulo kulibe.

Bvuto n'lakuti aliyense wa ife afulumira kudziyesa Davide. Nchito ya pa Lolemba si mwana wodwala mwakayakaya. Ndipo cizolowezi cikakula sicisankha. Lero ndi nkhani ya kampani yolemera ya kutsidya kwa nyanja. Mawa ndi buku la mphunzitsi wa kuno amene anasindikiza ndi ndalama zake za penshoni, ndipo aliona likuyenda pa mafoni a ophunzira, makatoni a mabuku akali m'cipinda cake cogona. Mkuja ndi nyimbo za kwaya yanu yomwe, zimene munasonkhera ndalama caka cathunthu kuti mukajambulitse. Pamenepo mudzamva kuwawa kwake. Foni siisiyanitsa wolemera ndi wosauka, wosiyanitsa ndinu.

Munda ukadzakhala wanu

Sindifuna muganize kuti zokunkha zathetsa mlandu wonse. Mu 2011 makampani ena anacotsa magazini pafupifupi 2,500 pa Hinari kwa anthu a ku Bangladesh, ndipo ena anabwezedwa anthu atadandaula kwambiri. Cimene wapatsidwa mwacifundo cingalandidwe tsiku lirilonse, ndipo khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. N'cifukwa cake kucokera pa cikalata ca ku Budapest ca 2002, akatswiri ndi oyang'anira malaibulale akhala akumenyera kuti kafukufuku azisindikizidwa motseguka kwa onse. Zapita patsogolo ndithu, koma makampani anapeza njira ina, yakuti wowerenga asalipire, wolemba ndiye alipire. Mu 2021 magazini ya Nature inaika mtengo wa ma euro 9,500 pa nkhani imodzi yotseguka. Makampani ena amacotsera olemba a m'maiko osauka, koma kwa ambiri mpanda wangosamuka. Kale tinali kulephera kuwerenga, tsopano tilephera kumveka.

Apa nkhani ifika pakhomo panu. Mulungu akalola, tsiku lina mudzamaliza maphunziro, ndipo munda udzakhala wanu. A laibulale adzakupemphani kuti buku la kafukufuku wanu liikidwe m'nkhokwe ya pa intaneti. Ena azengereza, kuopa kuti wina adzawabera nzeru. Ndipo ndaona kuti anthu odandaula kwambiri za mitengo ya makampani akunja nthawi zina ndi omwewo amene abisa manotsi ndi mapepala a mayeso akale kwa anzao a m'kalasi. Lamulo la mphepete silinalembedwere Boazi yekha, mwini minda ndi anchito. Linalembedwera aliyense wokhala ndi cokolola, ngakhale wa kadimba kacing'ono.

Ndiponso kubisa sikusunga. Mu December 2015 moto unatentha laibulale ya Mzuzu University ku Malawi, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anapsa. Mu April 2021 moto wa m'chire wocokera m'phiri la Table Mountain unatentha Jagger Library ya University of Cape Town, m'mene munali zolembedwa zosowa za mbiri ya Africa. Cimene cinali cimodzi cokha pa shelufu, moto ukacifikira cinapitiratu. Cimene cinali citajambulidwa ndi kugawidwa kwa ena cinatsala. Akulu akale anacidziwa ici pamene anati kupatsa n'kuika.

Tibwerere m'cipinda cija pa Cisanu usiku. Mnzanu akali kudikira yankho, ndipo si munthu woipa, afuna kukuthandizani. Mukanandifunsa ine, ndikanati lembani mutu wa nkhaniyo, dzina la wolemba ndi caka cake. Tumizani imelo yaulemu kwa wolembayo usiku womwewo, ndipo m'mawa mutenge mnzanuyo mupite naye kwa woyang'anira laibulale. Funsani ngati sukulu yanu inalembetsa ku Hinari. Ngati siinalembetse, funsani cifukwa cake, ndipo mukafunsenso kwa akulu a sukulu, muli gulu, kufikira atalembetsa. Mwina nkhaniyo siidzafika Lolemba lisanakwane. Mudzalemba ndi nkhani zina zotseguka, ndipo mwina mudzapeza mamakisi ocepa kuposa amene analowera pa zenera. Zotero zimacitika, ndipo sindingakunamizeni kuti zimakoma.

Pa msonkhano wa gulu lanu sabata ino, wina awerenge Rute 2 mokweza. Onani cimene Rute anacita kwa kapitao wa okolola asanayambe kutola, ndi cimene Boazi anauza anyamata ake kuti acite ndi mitolo yao. Mukatha, funsani amene ali pa koleji pakati panu kuti ndani wa iwo adziwa dzina la woyang'anira laibulale ya pa sukulu pao.